Malata Ofiira a Malemu Chisale

Kodi nyumba imayamba liti kukhala yopanda mwini? Chitseko chikagwa? Mileme ikalowa? Kapena pamene munthu wophunzira wadutsa pa galimoto, n'kuiyang'ana, n'kugamula mumtima mwake kuti ilibe mwini?

Funso limeneli sindinalipeze m'buku. Linabwera Loweruka lapitali pa ngolo ya ng'ombe, n'kuima pabwalo la nyumba imene ndakhala ndikuitcha yanga. Koma kuti mumvetse chimene ngoloyo inadzatenga, ndiyenera kuyamba ndi chimene ine ndinakatenga ku Japan.

Tisanasamuke ku Zomba, a kuntchito ananditumiza ku dziko limenelo kukachita maphunziro a miyezi yochepa a kakonzedwe ka mizinda. Zambiri zimene ndinalemba kumeneko zili m'mafayilo amene anasochera pa lole pakati pa Zomba ndi Lilongwe, ndipo palibe amene anawafunsapo. Chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi Lamulungu lina limene mphunzitsi wathu mmodzi anatitengera kumapiri kukaona nyumba imene anali atagula.

Inali nyumba ya alimi, yakale kuposa agogo a mphunzitsiyo. Denga lake linali la udzu wochindikala ngati kutalika kwa mkono, mitanda yake yakuda bii ndi utsi wa mibadwo, zitseko zake za mapepala zokankhira cham'mbali, ndipo pakati pa chipinda chachikulu panali dzenje losonkhapo moto. Eni ake anakalamba n'kumwalira, ana awo anapita kumzinda, nyumba n'kutsalira makoswe. Titafika, mphunzitsi wathu, munthu wa madigiri ake, anavula nsapato pakhomo, anagwada, n'kuyamba kupukuta matabwa apansi ndi kansanza, nkhope ili ngwee ngati ya munthu amene wabweza chuma chobedwa.

Ine ndinabadwira m'nyumba ya udzu ku Dedza. Sukulu yonse imene ndinaphunzira, kuyambira pansi pa mtengo mpaka ku yunivesite, inali njira yothawira udzu umenewo. Panafunika ndege kuti ndidziwe kuti chimene ndinkathawacho chili ndi ulemu wake, ndi kuti anthu ophunzira amachigwadira.

Likulu litasamuka anatipatsa nyumba ku Area 11. Sindingaidandaule. Madzi amatuluka pampopi, magetsi amayaka, udzu wapabwalo umamera mwa dongosolo. Vuto lake ndi lakuti ili ndi nambala pamene nyumba zina zili ndi mbiri, ndipo imafanana ndi zinzake kotero kuti mukalakwitsa pokhota mutha kuimika galimoto pakhomo pa mnzanu, osazindikira kanthu mpaka mkazi wa mwini atatsegula chitseko.

Nyumba inayo ndinaiona ndili pantchito, tikuyendera malire a mzinda chakumadzulo, kupitirira pang'ono pamene nyumba za ku Old Town zimathera. Pa mapu athu malowo anali oyera mbee, opanda ngakhale kadontho. Pansi panali bwinja: mitengo ikuluikulu ya mango, ndi milu ya dothi pamene kale panali nyumba. Minda ya mudziwo inagwera mkati mwa mzinda, anthu anapatsidwa malo ena cha ku Namitete, ndipo nyumba zawo za dothi mvula inazimaliza. Imodzi yokha inakana kugwa. Inali ya njerwa zootcha, ya khonde kutsogolo, yofoleredwa ndi malata opaka penti yofiira.

Ndinafunsa za mwini wake, ndipo anandipezera bambo wina woyendetsa lole ya mchenga pa kampani ina yomanga. Iyeyu anati nyumbayo inali ya malume ake, malemu a Chisale, ndipo iye, monga mwana wa mlongo wawo, ndiye wolowa m'malo. Kwa Mchewa aliyense mawu amenewo amamveka bwino. Tinalemberana pepala, mboni zinalipo, amfumu a mudzi woyandikana nawo anavomera kuti ndikhale pamalopo. Sipanapite nthawi, woyendetsa lole uja anapeza ntchito ina ku Blantyre.

Kukonza kunatenga chilimwe chonse. Ndinayamba ndi malata, chifukwa anali ndi dzimbiri m'mphepete ndipo, kunena zoona, sankagwirizana ndi chithunzi chimene chinali m'mutu mwanga. Mmisiri anafunsa kuti achite nawo chiyani. Ndinati achite nawo zimene akufuna, bola asaoneke pabwalo. Tinaika udzu. Simenti yapansi tinaswa, n'kuzira ndi dothi lakuda lakudambo. Magalasi a m'mawindo tinachotsa, n'kuika timatabwa totsegula. Laimu wa m'makoma tinapala kuti njerwa zioneke. Pakati pa chipinda chochezera ndinakumbitsa dzenje la moto, ndipo pakhomo ndinakhazikitsa lamulo lakuti aliyense azivula nsapato.

Akazi anga anaonerera zonsezi modekha. Tsiku limene tinkaswa simenti anangofunsa kuti: "Bambo a Tadala, kodi makolo anga anandipereka kwa munthu wa digiri kuti ndizidzazira?"

Ndinawatsimikizira kuti tidzalemba amayi a ganyu.

Loweruka lapitali ndinaitana alendo oyamba: a Gondwe, anansi athu a ku Area 11, munthu wa ku Rumphi wogwira ntchito yowerengera chuma ku unduna wina, ndi akazi awo. Tinakhala pakhonde tikumwa tiyi. A Gondwe anayang'ana denga kwa nthawi, n'kunena kuti: "Achimwene, kwathu munthu akachotsa malata n'kuika udzu, mpingo umatuma akulu kukamuyendera."

Ndinali pakati powafotokozera za mphunzitsi wa ku Japan pamene ngolo inatulukira pakati pa mitengo ya mango. Munali makwerero omangirira ndi luzi. Woyendetsa anali bambo wa msinkhu wanga. Pambuyo pake pankayenda bambo wachikulire wovala jekete, nyundo ili m'manja, ndi mayi wa mpango wakuda kumutu. Atafika pabwalo onse atatu anaima, n'kuyang'ana kumwamba. Anayang'ana nthawi yaitali. Ngakhale ng'ombe zinaoneka ngati zikudikira kuti wina afotokoze.

Tinawalandira monga mwa ulemu. Abambo tinawapatsa mipando, mayi uja anakhala pansi m'mphepete mwa khonde, ndipo malonje anayenda mpaka kumapeto, aliyense kufunsa mnzake za kumene wachokera. Kenako wachikulire uja anaika nyundo pansi.

"Ife ndife a kwa Chisale," anatero. "Ine ndine mkulu wake wa malemu amene anamanga nyumba ino. Awa ndi alamu athu a Naphiri, mkazi wa malemuyo. Awo ndi alongo awo. Tabwera kudzasasula malata."

Tonse tinayang'ananso kumwamba, ngati kuti malatawo angakhale atabisala kuseri kwa udzu.

Nkhani yake, monga anaifotokozera mosinthana, ndi iyi. Malemu a Chisale anali mkamwini: anakwatira n'kukhala kwawo kwa mkazi, monga mwa mwambo wathu kuno. Atabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni anachita chimene akuluakulu amaletsa mkamwini, anamanga nyumba yosagwa pa dothi la eni. Nyumba ya mitengo ndi dothi ilibe mlandu. Mwini akamwalira amaigwetsa, nkhani yathera pomwepo. Koma njerwa ndi malata mwambo sunazikonzekere.

Owerenga a m'tauni ena mwina anaiwala kuti mwamuna akamwalira ukwati suthera kumanda. Umatha pamene abale a mwamuna abwera, n'kukhala pansi ndi ankhoswe a mkazi, n'kugawa katundu wa malemu, n'kumuuza mkaziyo pamaso pa anthu kuti wamasuka. Kumeneko ndiko kusudzula. Asanasudzulidwe, mkazi akadali wa eni, ndipo mwamuna wina akamukwatira waputa mlandu.

Pa maliro a Chisale kusudzula kunakanika chifukwa cha denga. A kuchimuna anati: njerwa zinaumbidwa ndi dothi lanu, zitsale, koma malata anabwera kuchokera ku Joni pamodzi ndi chifuwa chimene chinapha m'bale wathu, amenewo abwerere kwawo. A kuchikazi anati: mukasasula, ana a malemu agona pati? Palibe amene anagonja. A Naphiri anatuluka m'nyumbamo n'kukakhala kwa amayi awo, poti munthu sagona tulo pansi pa denga la mkangano. Kenako mzinda unafika, mudzi unasamuka, ana anakula. Nyumba inatsala chiimire, ndi malata ake onse, ikudikira kuti anthu amalize kukambirana. Akuluakulu anati mlandu suwola. Sanatiuze kuti ukhoza kuoneka ngati bwinja.

"Nanga bwanji lero?" anafunsa akazi anga.

Anayankha ndi mlongo wa a Naphiri, woyendetsa ngolo uja. "Kumene tili kuja kuli bambo wina, mkazi wake anamwalira n'kumusiyira ana ang'onoang'ono. Wafunsira mlongo wangayu. Wati adikira mpaka mvula yoyamba, chifukwa munda sudikira munthu. Ndiye ife tinakhala pansi n'kuona kuti malatawo tikulimbirana chiyani? Atenge eni ake, mlongo wathu amasuke."

A Naphiri anapempha kuti aone mkati. Pakhomo panali mzere wa nsapato za alendo anga, ndipo ndinatsala pang'ono kutchula lamulo langa. Ndinaona kuti iwo anali atavula kale nsapato zawo za pulasitiki pamene ngolo inaima, n'kuzinyamula m'manja, monga amachitira anthu akafika pakhomo pa bwana. Mwambo umene ndinakautenga kutsidya kwa nyanja iwo anali nawo kale, pa chifukwa china.

Analowa ndi akazi anga, ine ndikutsatira. Anayang'ana pansi.

"Simenti ija yapita kuti?"

"Tinaswa, amayi. Tinkafuna pansi pa dothi, monga kale."

"Kale liti, bambo?"

A Naphiri sanadikire kuti ndiyankhe.

"Ine kale langa ndi simenti," anatero. "Mchenga wake ndinasenza ndine kuchokera kudambo uko, ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. M'mudzi monse muno nyumba yosadontha inali ino yokha. Azimayi ankabwera kudzabisala mvula, ena kudzangoimva ikulira pa malata." Anafika pa dzenje lija n'kuima. "Nanga apa? Poikirira nkhuku?"

"Posonkha moto, amayi."

"M'chipinda chochezera? Pansi pa udzu?" Anatembenukira kwa akazi anga. "Amayi, pirirani."

"Ndikupirira, amayi," anayankha akazi anga, mofulumira kuposa mmene ndinkayembekezera.

"Akuzirirani ndani?"

"Timalemba aganyu."

"Kuzira kwayamba kulipidwa? Ndiye ife tinasamuka msanga."

Anaseka, ndipo akazi anga anaseka nawo. Koma titatuluka pakhonde anakhalanso pansi pamalo pomwe paja, n'kulankhula akuyang'ana manja awo.

"Bambo, ine nyumbayi sindikuifuna. Khalanimo, mukalambiremo. Ndinaliramo mokwanira. Ine ndikufuna malata okha, ndiwapereke kwa alamu angawa, andimasule. Mwawaika kuti?"

Ndinati ndifufuza. Ndi mawu amene timagwiritsa ntchito ku ofesi tikadziwa kale kuti yankho si labwino.

A Chisale aakulu sanakweze mawu. "Mphwathu uja anagulitsa chimene sanapatsidwe," anatero. "Ameneyo tikathana naye kwathu. Koma inu, abwana, pogula simunafunse ngati mwini nyumba anasiya mkazi?"

Ndinali nditafunsa za chiswe. Ndinali nditafunsa za chitsime, za malire, za kulimba kwa maziko. Aliyense amene anaona mafunso anga akanavomereza kuti ndinali wogula wosamala.

Ngolo itabwerera yopanda kanthu, a Gondwe anayesa kunditonthoza. "Izi ndi za chikamwini chanuchi, achimwene. Kwathu sizikanachitika. Mkazi, ana, malata, zonse zikanakhala kumudzi kwa mwamuna."

"Eya," anatero Mayi Gondwe, akusonkhanitsa makapu. "Ndipo mkaziyo akanawerengedwa pamodzi ndi malatawo."

Tiyi anathera pamenepo.

Ndakhala ndikuganiza za mtundu wa cholakwa chimenechi, chifukwa si changa ndekha. Lowani m'nyumba za ife a m'ma Area. Mupeza mtondo pakona muli maluwa, lichero lopachikidwa pakhoma ngati chithunzi, mphika wa dothi umene sunaonepo moto. Amayi athu anapindika misana ndi zinthu zimenezi, ndipo akanapatsidwa chigayo ndi mpopi akanazitaya osatembenuka. Ife tazitola, tazipukuta, tazipatsa dzina lakuti chikhalidwe. Umphawi umakongola ukakhala wa munthu wina, kapena ukakhala patali mokwanira kuti sungatigwirenso. Chikhalidwe chimene timakonda ndi chopachika pakhoma. Chikhalidwe chimene chimamanga mkazi kwa mwamuna wakufa mpaka malata ataperekedwa, chimenecho sitichiona, chifukwa sichikwana pa shelefu.

Taganizani chimene ndinachita ndi nyumba ya a Chisale. Munthuyo analowa pansi pa nthaka ya dziko la eni kuti banja lake lichoke pa udzu n'kufika pa malata, lichoke pa dothi n'kufika pa simenti, lione kunja kudzera pa galasi. Ine ndinabwera ndi chikondi changa cha zakale n'kuchotsa zinthu zitatu zomwezo, chimodzi ndi chimodzi, mosamala, n'kumati ndikubwezeretsa nyumbayo mwakale. Nyumba imene ndinabwezeretsa sinakhalepo ndi kale lonse. Ndinamanga nyumba ya ku Japan imene ndinaiona masana amodzi, pogwiritsa ntchito makoma a munthu amene sanafune n'komwe udzu.

Ndipo ngakhale ya ku Japan ija sindinaionetsetse. Sabata ino ndakumbukira kuti m'chipinda china munali kamalo kopanda kanthu pakhoma, ndipo wina mwa ife anafunsa. Mphunzitsi anati pamenepo ndi pamene banja linkakumbukirira makolo awo akufa, ndi kuti asanagule nyumbayo ana a eni ake anabwera kuchokera kumzinda ndi wansembe wawo, anachita mwambo wawo, n'kunyamula za makolozo. Atatero m'pamene iye analowa ndi kansanza kake. Ine ndinamva zimenezo monga mlendo amamvera zinthu, n'kuziika pamodzi ndi zitseko za mapepala. Ndinabwera ndi denga, ndi dzenje la moto, ndi nsapato pakhomo. Dongosolo lakuti akufa ayambe atuluka ndinalisiya komweko.

Sindikutsutsa kusamuka kwa likulu. Ndimadya za komweko, ndipo mizere ina ya pa mapu aja ndinajambula ndine. Koma ife a ntchito imeneyi tili ndi chizolowezi chimodzi choopsa: tikaona malo opanda utsi timalemba kuti palibe kanthu. Timawerenga nyumba, minda, mitengo ya zipatso, ndipo zimenezo zili ndi malipiro ake. Kodi alipo amene anawerengapo milandu imene inatsala pakati pamene midzi inkakwera malole? Maukwati osasudzulidwa, malire osagwirizanika, maliro osamalizika? Anthu anasamuka. Zimene anali asanamalize kukambirana zinatsala pamabwinja, pakati pa City Centre ndi Old Town, pansi pa misewu yathu yotakata. Nanga inu amene mwapeza malo otchipa m'mphepete mwa mzinda, munafunsa munthu mmodzi kapena awiri?

Lolemba ndinapeza mmisiri wanga akumanga mpanda ku Area 15. Sanabise. Malatawo anagulitsa kwa amisiri okhoma ndowa kuseri kwa msika wa ku Old Town. Ndinapita komweko, taye ili m'khosi, pakati pa phokoso la nyundo limene limamveka mpaka kumlatho.

"Ofiira aja?" anatero mkulu wa amisiriwo, osasiya kukhoma. "Anatha kalekale, bwana. Mbaula, ndowa, zothirira m'dimba. Ankalimbirana. Mumakhala kuti inu?"

"Ku Area 11."

"Kafunseni kukhitchini kwanu."

Anzake anaseka mpaka wina anaphonya msomali. Nditafotokoza chifukwa chimene ndinkawafunira, kuseka kunatha. Anafufuza pa mulu wa zotsalira n'kutulutsa chidutswa chimodzi chachikulu ngati lichero, chopindika m'mbali, penti yofiira ikuonekabe. Anakana kuti ndilipire.

Kuchokera pamenepo ndinalowa m'sitolo ya zipangizo zomangira, ya Mmwenye wina wachikulire wobadwira konkuno, amene Chichewa chake chimaposa cha ana anga. Anamvetsera nkhani yonse atatsamira kauntala.

"Malata ndili nawo, bwana," anatero. "Penti yofiira ndili nayonso. Koma musapake. Adziwa."

Sindinali nditanena kuti ndaganizapo zopaka. Ndinali nditaganizapo.

Lachitatu ndinapita kumudzi woyandikana ndi bwinja lija, kumene alendo a pa ngolo aja anali kwa achibale. Tinakhala pansi pa mtengo. Ndinanena zonse monga zinalili, kenako ndinapereka maganizo amene ndinkawaona kuti ndi achilungamo ndiponso aulemu: ndigula malata atsopano okwana denga lonse, ndiwatumiza pa lole mpaka kwawo kwa a Chisale.

A Chisale aakulu anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwalankhula bwino, abwana, ndipo tathokoza. Koma ife sitikusowa denga. Nyumba tili nazo. Chimene tinkafuna n'chakuti thukuta la m'bale wathu libwerere kwa mbumba yake, anthu aone ndi maso kuti cha uje chafika, ukwati watha. Tsono malata atsopanowo ndi thukuta la ndani?"

"Langa, achikulire."

"Ndiye tikawalandira, tikhala tikusudzula mkazi wa ndani? Wanu?"

Mlongo wa a Naphiri anaseka pang'ono n'kusiya. Iwo eni sanaseke.

N'kosavuta kunena kuti wachikulireyu ndi wouma mtima, kuti lata ndi lata. Ndinayesa kuganiza choncho pobwerera, koma sizinatheke. Ine ndemwe ndinakana nyumba yabwinobwino ya ku Area 11 chifukwa njerwa zake zilibe mbiri. Ndine munthu womaliza amene angauze mnzake kuti chinthu chatsopano n'chimodzimodzi ndi chakale.

Ndinatulutsa chidutswa chija m'galimoto n'kuchiika pa mphasa. A Chisale anachitembenuza uku ndi uku, n'kuchipereka kwa alamu awo. A Naphiri anachigwira ndi manja awiri, n'kupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje.

"Pentiyi malemu anapaka okha," anatero. "Ine ndinkagwira makwerero."

Anachibweza kwa a Chisale. Iwo anachikulunga m'chiguduli n'kuchimangirira pa njinga ya wachibale. Anati akachionetsa kwa mbumba, alongo awo a malemu, chifukwa iwo paokha sangagamule ngati chidutswa chingaimire denga. Ena mwa alongowo, anatero, ndi anthu ovuta, ndipo mmodzi ndi mayi wake wa woyendetsa lole uja, amene sadzafuna kuti nkhaniyi ikambidwe n'komwe. Ndinafunsa kuti akhala pansi liti. Anati anthu ali kalikiliki kukonza minda, mwina akatha kubzala.

Kubzala kumabwera mvula yoyamba itagwa. Aliyense pa mphasa paja anadziwa tanthauzo lake.

Ndinawauza a Naphiri kuti ndikhoza kupita kukalankhula ndi bambo wofunsira uja, kumupempha kuti adikireko. Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba m'maso.

"Mukamuuza chiyani, bambo? Kuti ana ake adye mawa? Musavutike. Mwachita zambiri kale."

Sindikudziwa mmene anatanthauzira mawu omalizawo, ndipo sindinafunse.

Dzulo masana kunagunda cha ku Dzalanyama, ndipo ku ofesi anthu anathamangira kumawindo kukanunkhiza mphepo. A Naphiri akadali mkazi wa munthu amene anamwalira likulu lili ku Zomba.